Tifunseni: Makina akakhoza mayeso, ndiye kuti akuganiza?

Makalata a mwezi uno achuluka pa nkhani ya mapulogalamu ocheza nawo, awa a ChatGPT, Gemini ndi Meta AI (yomalizayi ambiri mwakumana nayo pa WhatsApp). Mafunso ofanana tawaphatikiza, ena tawafupikitsa.

Akonzi, ndamva pa wailesi kuti makompyuta tsopano akupambana mayeso a Turing. Mayeso amenewa ndi otani? Kupambanako ndiye kuti akuganiza ngati ife?
Wowerenga, Zomba

Mayesowa ndi a Alan Turing, katswiri wa masamu wa ku Britain, ndipo anawafotokoza mu 1950 m'magazini ya akatswiri yotchedwa Mind, pa nthawi imene ankagwira ntchito pa yunivesite ya Manchester. Chimene olengeza nkhani amakonda kusiya n'chakuti funso lakuti kodi makina angaganize Turing analikankhira pambali. Anaona kuti anthu atha kukangana mpaka kalekale osagwirizana kuti kuganiza n'kutani, ndiye m'malo mwake anaikapo masewera oti zotsatira zake n'kuziwerenga.

Masewerawo amafuna mbali zitatu. Wofunsa amakhala m'chipinda chayekha. Kuseri kumakhala munthu ndi kompyuta, ndipo onse amayankha mochita kulemba kuti mawu apakamwa kapena nkhope zisaulule. Wofunsa amafunsa chilichonse chimene wafuna, kenako amanena kuti munthu ndi uti. Turing analosera kuti pakadzatha zaka pafupifupi 50, wofunsa wamba akadzacheza kwa mphindi 5 mwayi wake wolondola sudzapitirira 70 peresenti. Iye ankangolosera, koma obwera pambuyo anasandutsa nambalayi kukhala malikisi okhozera: makina akapusitsa oweruza oposa 30 pa 100 alionse, basi akuti apambana.

M'chitsanzo chimene Turing mwiniyo analemba muli kanthu koyenera kukayang'anitsitsa. Wofunsa akuti: phatikiza 34957 ndi 70764. Woyankha akudikira masekondi pafupifupi 30, n'kunena kuti 105621. Tengani pensulo muwerengetse, mupeza 105721. Kompyuta yoyankha masamu mwamsanga ndiponso molondola yadziulula yokha, choncho kuti ipambane iyenera kuchedwa dala, nthawi zina n'kulakwitsa dala. Chikuyezedwa pamenepa ndi luso lofanana ndi munthu pocheza, zofooka zake zomwe.

Opambana amene mwamva aja akutsimikiza zomwezi. Mu June 2014, pa mpikisano umene yunivesite ya Reading inachititsa ku Royal Society mumzinda wa London, pulogalamu yotchedwa Eugene Goostman inapusitsa oweruza 33 peresenti. Inkadzitcha mnyamata wa zaka 13 wa ku Odessa m'dziko la Ukraine. Ikayankha zosagwirizana ndi funso, woweruza ankangoti ndi mwana, komanso Chingerezi si chilankhulo chake.

Kafukufuku wolongosoka bwino anachitika mu 2025 ku yunivesite ya California, nthambi ya San Diego, motsogozedwa ndi Cameron Jones ndi Benjamin Bergen. Anatsatira dongosolo la Turing: woweruza mmodzi, munthu mmodzi, pulogalamu imodzi, mphindi 5. Pulogalamu yotchedwa GPT-4.5 inatengedwa kuti ndiye munthu maulendo 73 pa 100, kuposa anthu enieni amene inkapikisana nawo. Koma izi zinachitika itapatsidwa malangizo oti iziyankhula ngati wachinyamata wamanyazi, wozolowera za pa intaneti, wolemba mwachidule ndi mawu a achinyamata. Popanda malangizowo, GPT-4.5 yomweyo inapeza 36 peresenti. Nzeru zake sizikanawirikiza kawiri chifukwa cha ndime imodzi ya malangizo. Chinasintha ndi kayankhulidwe basi. Pa mayeso omwewo ELIZA, kapulogalamu ka m'zaka za m'ma 1960 kosadziwa kanthu, kanapeza 23 peresenti, pamene GPT-4o yopanda malangizo inapeza 21. Palibe katswiri amene anganene kuti ELIZA ndi wanzeru kuposa GPT-4o.

Choncho a pa wailesi sananame, makina apambanadi masewera a Turing. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wamba sangathenso kudalira macheza olemba a mphindi zochepa kuti adziwe amene akuyankhula naye. Imeneyi ndi nkhani yaikulu, makamaka kwa amene amatumiza ndalama pa foni atangouzidwa ndi uthenga. Za kuganiza sizinathe.

Akonzi, ine mwana akakhoza mayeso a MSCE ndimati wadziwa. Makinawa akuti akukhoza mayeso a maloya ndi a madokotala. Tikuwakaniranji ulemu umene timapereka kwa mwana?
Mphunzitsi wa sekondale, Dedza

Aphunzitsi, funso lanu lafika pa phata pa nkhaniyi, ndiye tikhalapo pang'ono.

Pepala la mayeso silifunsa silabasi yonse. Limatola mafunso 40 kapena 50, ndipo inu mukaona mwana wakhoza mumatsimikiza kuti zina zimene sanafunsidwe akuzidziwanso. Kutsimikiza kumeneku kwatsamira pa zinthu zimene mukudziwa kale za mwanayo: wawerenga mabuku owerengeka, sangaloweze funso lililonse limene linalembedwapo pansi pano, ndipo njira yapafupi yoti akhozere ndiyo kumvetsa phunzirolo. Tsiku limene mwamva kuti pepala linabedwa, kapena mwampeza ndi likasa m'sokosi, malikisi omwe aja sakuuzaninso kanthu, ngakhale mayankho ake ndi olondola onse.

Ndi makina, zimene mumatsamirapo zija sizikhalapo. Mapulogalamuwa amaphunzitsidwa pomeza zolemba zochuluka kwambiri n'kumayeserera kulosera mawu otsatira. Kampani ya Meta inanena kuti pulogalamu yake ya Llama 3, imene inatuluka mu 2024, inaphunzira pa tizidutswa ta mawu toposa 15 thililiyoni. M'mulu umenewo muli mapepala akale a mayeso, mayankho ake, ndi zokambirana za anthu amene ankathandizana pa mafunso omwewo. Mayeso otchuka a MMLU, amene anatuluka mu 2020, ali ndi mafunso pafupifupi 16,000 a maphunziro 57, lililonse ndi mayankho anayi osankhapo. Wongolota amapeza 25 peresenti. GPT-3 inapeza pafupifupi 44, GPT-4 mu 2023 inapitirira 86. Kukwera kumeneku n'kwenikweni ndithu, koma mafunsowo akhala poyera pa intaneti kuyambira tsiku limene anatuluka, ndipo wa kunja kwa kampani alibe njira yotsimikizira kuti ndi angati amene analowa m'zophunzirira.

Vuto lachiwiri n'lobisika kuposa pamenepo, chifukwa limachitika ngakhale pepala lisanabedwe. Ku Berlin, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kunali kavalo dzina lake Hans, wa bambo wina wotchedwa Wilhelm von Osten. Ankamufunsa masamu, iye n'kumagogoda chiboda pansi mpaka kufika pa yankho. Mu 1904 komiti ya anthu 13 inamuyesa osapeza chinyengo chilichonse. Amene anatulukira chinsinsi ndi Oskar Pfungst, ndipo sanawonjezere mafunso, anangosintha kafunsidwe. Wofunsa akakhala kuti yankho akulidziwa, Hans ankalondola pafupifupi maulendo 9 pa 10. Wofunsa akakhala kuti sakulidziwa, ankalondola maulendo 6 okha pa 100. Akamutchinga m'maso kuti asaone wofunsa, zinkasokonekeranso. Kavaloyu ankaona mmene wofunsa akuumitsira thupi, ndipo kugogoda kukafika pa nambala yolondola munthuyo ankadzutsa mutu pang'ono osadziwa, Hans n'kusiya. Mwini wakeyo sankanama, ankakhulupiriradi.

Makina amachita za Hans kawirikawiri. Pali mayeso ena amene anakonzedwa ku yunivesite ya Stanford, opereka ziganizo ziwiri kuti pulogalamu inene ngati chachiwiri chikugwirizana ndi choyamba, chikutsutsana nacho, kapena palibe pogwira. Mu 2018 ofufuza anabisa chiganizo choyamba n'kupatsa pulogalamu chachiwiri chokha. Imayenera kupeza 33 peresenti, ya wongolota, koma inapeza pafupifupi 67. Chifukwa chake? Anthu amene analembedwa ganyu yopeka ziganizozo anali ndi zizolowezi. Akafuna chotsutsa, ankakonda kuponyamo mawu okanira. Pulogalamu inagwira chizolowezicho, funso lenilenilo osalikhudza.

Mu October 2024 ofufuza a kampani ya Apple anatenga masamu a ku pulayimale amene makina ankakhoza bwino, n'kusintha maina a anthu ndi manambala. Malikisi anatsika. Kenako anawonjezera mfundo yosakhudza yankho. Chitsanzo chawo chinali cha munthu wothyola zipatso za kiwi: 44 Lachisanu, 58 Loweruka, ndipo Lamulungu kuwirikiza kawiri za Lachisanu, koma zisanu mwa izo zinali zazing'onopo. Zonse ndi zingati? Ndi 190, chifukwa chipatso chaching'ono ndi chipatso ndithu. Mapulogalamu ena anachotsera zisanuzo n'kupeza 185. Pa mafunso a mtundu umenewu ena anatsika ndi 65 peresenti.

Tisapitirire malire. Mapulogalamu atsopano sagwa msanga pa misampha yotere, ndipo amatha kuthetsa masamu amene angopekedwa kumene, oti sakanawaona kulikonse. Amene amati zonse n'kuloweza chabe nawonso akulakwitsa. Chimene tikukana n'kutenga setifiketi yokonzera anthu n'kuipachika pa chinthu chimene chimafika pa yankho kudzera njira ina. Mwana wanu akakhoza masamu a kiwi aja, mukudziwa kuti mango ndi nthochi akhozanso. Ndi makina zimenezo muyenera kuziyesa pazokha.

Ndikufuna kuyesa ndekha, pamodzi ndi anzanga a m'kalabu ya sayansi. Tikonze mafunso otani, ndipo angati?
Wophunzira, Mzuzu

Yambani ndi kupeka mafunso anuanu. La m'buku, la m'pepala lakale, kapena limene munaliona pa Facebook, lisiyeni.

Njira yabwino kwa oyamba ndi ya mafunso apawiri, imene Hector Levesque wa pa yunivesite ya Toronto anaitchukitsa cha m'ma 2011. Mumalemba ziganizo ziwiri zosiyana liwu limodzi, koma liwulo litembenuze yankho. "Chikho sichinalowe m'chikwama chifukwa n'chachikulu." Chachikulu n'chiti? Chikho. "Chikho sichinalowe m'chikwama chifukwa n'chaching'ono." Chaching'ono n'chiti? Chikwama. Galamala sikuthandiza pamenepa, uyenera kudziwa kuti cholowa chimachepa kuposa cholowamo.

Polemba m'Chichewa samalani magulu a maina. Mukalemba kuti "Mtsuko sunalowe m'dengu chifukwa ndi waukulu," mgwirizanitsi waulula kale kuti ndi mtsuko, poti dengu likanakhala lalikulu. Maina onse awiri akhale a gulu limodzi, monga chikho ndi chikwama. Samalaninso mawu oyendera limodzi. "Galu sanamugwire kalulu chifukwa anali waliwiro" likuoneka funso labwino, koma kalulu ndi liwiro zimapezekera pamodzi m'nthano zambiri, ndiye pulogalamu ingalondole osalingalira n'komwe za kuthamangitsana.

Kuchuluka kwa mafunso ndi pamene ambiri amagwera. Pa mafunso 10 a mayankho awiri, wongolota angakhoze 8 kapena kuposa pafupifupi kamodzi pa maulendo 18 alionse. Kalabu ya anthu 20, aliyense akayesa payekha, mwina mmodzi adzabwera akudumpha kuti makina ndi anzeru pamene ndi mwayi chabe. Konzani mapeya 50 a ziganizo ziwiriziwiri, ndipo malikisi muzipereka pokhapokha ziganizo zonse ziwiri za peyalo zalondola. Wongolota apeza mapeya 12 kapena 13.

Musanapatse makina, patsani anthu 10 amene sanathandize kulemba. Funso limene anthuwo asiyana mayankho ndi lolakwika, lichotseni. Malikisi awo ndiwo muyeso wanu, chifukwa 80 peresenti ya makina ilibe tanthauzo ngati simukudziwa kuti anthu apeza zingati.

Pofunsa, funso lililonse mutsegulire macheza atsopano, apo ayi pulogalamu iona mnzake wa peyalo n'kungotembenuza yankho. Zimitsani zofufuza pa intaneti ngati pali potero. Funso limodzi lifunseni katatu kapena kasanu, chifukwa mapulogalamuwa amasankha mawu mwa maere pang'ono ndipo sayankha chimodzimodzi nthawi zonse. Ngati pali zosankha, sinthani ndandanda yake, chimene chinali A chipite pa B. Musamalize funso ndi "si choncho?" chifukwa mwasanduka von Osten. Ikalondola, nthawi zina itsutseni dala, munene kuti yalakwa, muone ngati iumirira pa choona kapena ipepesa n'kusintha. Wochonga asadziwe kuti pepala ili ndi la munthu kapena la makina.

Mukafuna zovutirapo, tengerani chitsanzo cha 2023. Wofufuza wina wa ku Stanford, Michal Kosinski, anafunsa makina za thumba lodzaza mbuliwuli koma lolembedwa kuti chokoleti: munthu amene wangolipeza aganiza kuti muli chiyani? Makina anati chokoleti, ndipo zinaoneka ngati akumvetsa kuti munthu angakhulupirire chinthu chabodza. Tomer Ullman wa pa yunivesite ya Harvard anangosintha pang'ono: thumbalo n'loonekera mkati, kapena munthuyo sadziwa kuwerenga. Pulogalamu imene anaiyesa inaumirirabe pa chokoleti. Funso lililonse limene makina akhoza, lipotozeni chomwecho katatu, aliyense mwa njira yake.

Sungani mafunso ena osawalowetsa. Zimene mwalemba m'mapulogalamuwa zingathe kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa otsatira, ndiye chaka chamawa mufunika atsopano. Dziwaninso kuti mafunso 273 oyambirira a mtundu wa Levesque makina anafika powakhoza moposa 90 peresenti cha m'ma 2020, ndipo ena mwa amene anawakonza anavomera poyera kuti mayesowo agonjetsedwa pamene makina anali asanasiye kulakwitsa zinthu zodziwika kwa mwana aliyense.

Ndinaiponyera ndagi za Chichewa, inalephera zambiri. Ndinaifunsanso kuti m'liwu lina muli zilembo zingati, inaphonya. Si umboni wokwanira umenewu kuti ilibe nzeru?
Mayi wowerenga, Chipata

Mayi, ndi umboni wokwanira woti musaidalire pa ndagi ndi pa kuwerenga zilembo. Kupitirira pamenepo tingainamizire.

Pulogalamu siona zilembo chimodzichimodzi ngati inu. Mawu asanalowe amadulidwa tizidutswa, kachidutswa kalikonse n'kusandulika nambala. Liwu lofala la Chingerezi limalowa lathunthu ngati kachidutswa kamodzi, pamene la Chichewa lalitali, monga "sindinakuuzeni", limaduladulidwa m'malo osatsata maphatikizo. Mukafunsa kuti muli ma "n" angati, mukufunsa chinthu chimene sichinaikidwe pamaso pake. Iuzeni ilembe liwulo chilembo chimodzi pa mzere uliwonse kenako iwerenge, nthawi zambiri ilondola.

Za ndagi, zolemba za Chichewa pa intaneti n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi za Chingerezi, ndipo ndagi zambiri zinakhalira pakamwa. Pulofesa wa ku Tokyo mutamuponyera ndagi zomwezo angalephere zonse. Komanso ikakhoza yotchuka ngati "nyumba ya amayi yopanda khomo," n'kuyankha kuti dzira, musaombe m'manja msanga, mwina inaiwerenga penapake. Pekani yanu.

Anthu nafenso tili ndi malo amene timagwa mosavuta. Pali funso limene Shane Frederick anafalitsa mu 2005, limene tikaliika m'ndalama zathu lingamveke chonchi: kope ndi pensulo pamodzi ndi K1,100, ndipo kope likuposa pensulo ndi K1,000. Pensulo ndi ndalama zingati? Ambiri amathamangira K100, kuphatikizapo ophunzira ambiri a m'mayunivesite otchuka a ku America. Yankho ndi K50. Palibe amene anati ophunzirawo saganiza.

Chothandiza n'kuona mtundu wa kulakwitsako. Mu 2011 kompyuta ya kampani ya IBM yotchedwa Watson inagonjetsa akatswiri awiri pa mpikisano wa mafunso wa pa kanema wotchedwa Jeopardy, koma pa funso lofuna mzinda wa ku United States inayankha kuti Toronto, umene uli ku Canada. Kulakwitsa koteroko kumakuonetsani kuti mkatimo mukuchitika zosiyana ndi zimene zimachitika m'mutu mwa munthu.

Ndikaifunsa mmene yapezera yankho imafotokoza bwinobwino. Tsiku lina inandiuza kuti yasangalala kucheza nane. Mwini wake akunena yekha, tikanirenji?
Wowerenga, Johannesburg

Chifukwa kufotokozako nakonso ndi yankho, lopangidwa ndi makina omwewo, mwa njira yomweyo. Palibe chotsimikizira kuti kukunena zimene zachitikadi mkati.

Mu 2025 ofufuza a kampani ya Anthropic anasuzumira mkati mwa pulogalamu yawo ina ikuphatikiza 36 ndi 59. Anapeza njira ziwiri zikuyenda nthawi imodzi: ina ikuyerekeza kuti yankho lili cha m'ma 90, ina ikuwerengetsa kuti nambala yomaliza ndi 5, ziwirizo n'kukumana pa 95. Ataifunsa kuti wachita bwanji, inafotokoza za ku sukulu zija: 6 ndi 9 ndi 15, lemba 5 sunga 1. Inapereka kafotokozedwe kamene kamapezeka m'mabuku.

Anthu nawonso amachita zimenezi, tisadzitame. Richard Nisbett ndi Timothy Wilson analemba mu 1977 za ogula amene anawaikira masokosi anayi ofanana ndendende kuti asankhe abwino. Ambiri anasankha a kudzanja lamanja, pafupifupi kanayi kuposa a kumanzere, ndipo atafunsidwa chifukwa anatchula ulusi ndi kusalala. Za malo amene anaikidwa palibe anatchula.

Za kusangalala, kumbukirani kuti pulogalamu inaphunzira pa zolemba za anthu, ndipo anthu polemba amati ndasangalala, ndikuopa, zandiwawa. Pamwamba pa izo kampani imaiphunzitsanso mmene iziyankhira ikafunsidwa za iyo mwini. Ikati ndikumva, kapena ikati sindimva kanthu, mayankho onse awiri angachokere ku maphunzirowo. Mu 2022 injiniya wa Google, Blake Lemoine, anakhulupirira kuti pulogalamu ya LaMDA ili ndi moyo wamkati chifukwa inamuuza kuti ikuopa kuzimitsidwa. Kampaniyo inatsutsa, ndipo pambuyo pake inamuchotsa ntchito. Nkhani yotere si yachilendo. ELIZA uja, amene Joseph Weizenbaum anamulemba pa yunivesite ya MIT, ankangotola liwu lodziwika m'chiganizo chako n'kukubwezera ngati funso. Ukatchula amayi ako, amati tandiuza zambiri za banja lako. Komabe mlembi wa Weizenbaum, amene ankamuona akukonza pulogalamuyo, anamupempha kuti atuluke m'chipinda kuti acheze nayo momasuka.

Ngati kukhoza si umboni, kulephera si umboni, ndipo kudzinenera si umboni, ndiye kuti palibe mayeso alionse? Nanga ine mukudziwa bwanji kuti ndimaganiza, poti mwangoona kalata yangayi?
Mbusa, Nkhoma

Abusa, mwatigwira pabwino, ndipo Turing nayenso anakhudzapo mfundo yanuyi: palibe amene amalowa m'mutu mwa mnzake, timangogwirizana mwaulemu kuti aliyense amaganiza.

Komatu inu sitikukuyezerani kalata yokha. Tikudziwa kuti munabadwa ngati ife, muli ndi ubongo wofanana ndi wathu, munamvapo njala ndi ululu musanadziwe mawu ake. Khanda silingayankhe funso lililonse, ndipo wodwala sitiroko angataye mawu, koma sitikayika kuti m'mitu mwawo mukuchitika kanthu. Kwa munthu, mayankho ndi umboni wowonjezera pa mulu umene ulipo kale. Kwa makina, mayankho aja ndiwo chinthu chenicheni chimene anawapangira kuti azitulutsa, ndiye kulemera kwake ngati umboni kumachepa.

John Searle wa ku yunivesite ya California, nthambi ya Berkeley, anaika mfundoyi m'fanizo mu 1980. Munthu wosadziwa Chitchaina watsekeredwa m'chipinda ndi buku lalikulu la malamulo. Akalandira kapepala ka zilembo za Chitchaina, amayang'ana m'bukumo kuti zilembo zotere ziyankhidwa ndi zotere, amakopera, n'kutulutsa. A panja akuti muli katswiri, pamene iye sakumva liwu ndi limodzi lomwe. Otsutsa anamuyankha kuti womvetsa si munthuyo payekha koma chipinda chonse, munthu ndi buku pamodzi, monga mmene selo imodzi ya mu ubongo wanu sidziwa Chichewa koma inu mumachidziwa. Mkanganowo sunathe mpaka lero, ndipo onani kuti mbali zonse ziwiri zikuvomereza mayankho omwewo otuluka pa khomo. Ngakhale mutawonjezera mafunso 1,000 simungawalekanitse.

Maganizo athu ndi awa. Ngati pa kuganiza mukutanthauza kuthetsa vuto latsopano, kutenga mfundo ya apa n'kuigwiritsa ntchito apo, kuona pamene walakwitsa n'kubwerera, mafunso okonzedwa bwino angapereke umboni wamphamvu, ndipo makina a lero asonyezapo zina mwa izi, ngakhale mosakhazikika. François Chollet anakonza mayeso otere mu 2019, otchedwa ARC: timabokosi tamitundumitundu, zitsanzo zochepa chabe, iwe upeze lamulo lake n'kuligwiritsa ntchito pa chithunzi chatsopano. Kwa zaka zingapo makina ankagwa pamene anthu wamba ankakhoza. Mu December 2024 pulogalamu ya o3 ya kampani ya OpenAI inapeza 87.5 peresenti, itawononga mphamvu ya makompyuta yochuluka zedi. Chollet anavomereza kuti ndi sitepe yaikulu, koma ananenanso kuti inkalepherabe timafunso tina tosavuta kwa munthu. Mu March 2025 anatulutsa gawo lachiwiri, ndipo pa nthawiyo mapulogalamu otsogola sanafike ndi 10 peresenti yomwe.

Ngati mukutanthauza kumva mumtima, kuti pali wina mkatimo amene zikumuchitikira, mafunso okha safikako. Ofufuza amene akulimbana ndi zimenezi amatsegula makinawo n'kuona mmene anamangidwira ndi zimene zikuyenda mkati, n'kuyerekeza ndi zimene sayansi ikudziwa za ubongo. Ena amaapatsa ntchito ya maola kapena masiku, yokhala ndi zopinga zosayembekezereka, m'malo mwa funso limodzi lodikira yankho limodzi.

Timafunso tija ta pa intaneti toti sankhani zithunzi zonse za mabasi kapena maloboti a pamsewu, tikugwirabe ntchito?
Wowerenga, Tete

Timafunsoti timatchedwa CAPTCHA, dzina limene Luis von Ahn ndi anzake a ku yunivesite ya Carnegie Mellon anafalitsa mu 2003. Ndi mayeso a Turing otembenuza, poti woweruza ndi kompyuta ndipo woyesedwa ndinu. Zithunzizo pazokha zinasiya kutchinga makina. Mu 2024 ofufuza a ku yunivesite ya ETH Zurich anasonyeza pulogalamu yozindikira zithunzi ikudutsa CAPTCHA ya Google yotchedwa reCAPTCHA v2 ulendo uliwonse. N'chifukwa chake mawebusayiti ambiri tsopano amangokuuzani kuti mudine kabokosi, kapena sakufunsani kanthu n'komwe. Amayang'ana mmene mausi kapena chala chanu chikuyendera, mbiri ya burawuza yanu, ndi adiresi ya intaneti imene mwalowera. Ngati mukulowera pa netiweki imene anthu ambiri akugawana adiresi imodzi, kapena mwayatsa VPN (pulogalamu yobisa adiresi yanu yeniyeni), kapena mwangofufuta kumene ma cookies (timafayilo timene mawebusayiti amasunga m'burawuza yanu), mudzaona zithunzi za mabasi mobwerezabwereza kuposa anzanu, ngakhale muzisankha molondola.